Foyle wa ku Hastings ndi Foyle wa ku London

Anthu okonda sewero la pa wailesi ya kanema la Foyle's War, limene analemba Anthony Horowitz ndipo linayamba kuonetsedwa pa kanema wa ku Britain wa ITV mu 2002, amasiyana maganizo pa funso limodzi: kodi zigawo zabwino koposa ndi za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse kapena za pambuyo pake?

Ambiri amasankha zoyambirira. M'zigawozi Christopher Foyle, amene mbali yake amasewera Michael Kitchen, ndi mkulu wa apolisi ofufuza milandu ku Hastings, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, kuyambira mu 1940. Chimene chimawagwira mtima ndi chakuti pamene dziko lonse la Britain likulimbana ndi Germany, iye amaumirirabe kuti imfa ya munthu mmodzi wophedwa mwachiwembu ifufuzidwe, ngakhale akuluakulu atamuletsa. Milanduyo imachokera m'moyo wa anthu wamba, monga kuba chakudya chogawidwa mwa muyeso ndi kugulitsa mafuta mozemba. Ubale wake ndi dalaivala Samantha Stewart komanso wapolisi mnzake Paul Milner ndi umene umachititsa oonera kumva ngati akuwadziwa anthuwa.

Zigawo za 2013 ndi 2015 zimamutengera ku London, kumene akugwira ntchito ku MI5, bungwe la ukazitape loona za chitetezo cha m'dziko la Britain, pa chiyambi cha mkangano wa mayiko a kumadzulo ndi Soviet Union. Ozikonda amati nkhani za ukazitape n'zozama kwambiri, ndipo sakunama. Komabe ine ndimaona kuti zinataya kanthu kofunika, chifukwa Milner kulibe, ndipo Foyle, amene mphamvu yake inali kugwira wolakwa, kawirikawiri amapeza choonadi koma mabwana ake amafuna kuti chibisike.