DSA, switchdev kapena swconfig: chip ya switch muilowetse bwanji mu kernel ya Linux?

Musanalembe mzere ndi umodzi womwe wa driver, tsegulani datasheet muone mmene ma frame (timitolo ta data ya Ethernet) ochokera ku switch amafikira ku CPU. Kusankha pakati pa njira zitatuzi kwagona pamenepo.

Ngati chip yalumikizidwa ku MAC wamba (gawo la Ethernet) ya SoC, chip yaikulu yokhala ndi CPU, kudzera pa njira ya data ya RGMII kapena SGMII, ndipo switchyo mumailamula pa MDIO, SPI kapena I2C, njira yanu ndi DSA (Distributed Switch Architecture). Inalowa mu kernel mu 2008 chifukwa cha ma switch a Marvell. Mumalemba zinthu ziwiri: driver mu drivers/net/dsa yodzaza dsa_switch_ops, ndi tagger mu net/dsa yoika ndi kuchotsa tag yosonyeza port imene frame yachokera kapena ikupita. Tag ya Qualcomm ndi ma byte 2, ya Broadcom ndi ya MediaTek ndi 4, EDSA ya Marvell ndi 8, pomwe ma KSZ a Microchip amaiika kumchira kwa frame. Chip yopanda tag yakeyake ikhoza kudalira tag_8021q, yomwe imabwereka ma VLAN (manambala ogawira network m'magawo) kuti isiyanitse ma port.

DSA imakupangirani yokha ma interface a port iliyonse, lan1, lan2 ndi enawo, kuchokera mu device tree (fayilo yofotokoza hardware), n'kukulandirirani mauthenga a bridge, gawo la kernel lolumikiza ma port. Inu mumangoyankha ma hook (ma function amene DSA imaitana) monga port_bridge_join, port_vlan_add, port_fdb_add ndi port_stp_state_set. Koma ili ndi misampha yake, ndipo yambiri ili pa port ya CPU. Tag ya ma byte 4 imafuna kuti MTU ya MAC (malire a kukula kwa data mu frame imodzi) ikwere kufika ma byte 1504. MAC ikakana, ping wamba amadutsa bwinobwino koma ping -s 1472 amafera m'njira, ndiye anthu amataya masiku akufufuza VLAN yosalakwa. Chimodzimodzi phy-mode: pa RGMII, clock imafunika kuchedwetsedwa pafupifupi 2 ns, mbali imodzi yokha. Mbali zonse zikachedwetsa, kapena zonse zikasiya, link imaoneka yadzuka koma ma frame amafika ndi CRC yolakwika. Onaninso checksum offload (kusiyira MAC kuwerengera checksum), poti MAC yosadziwa tag imawerengera pamalo polakwika. Ndipo mu setup, tsekani ma port kuti asalankhulane mpaka atalowetsedwa mu bridge. Ma chip ambiri amadzuka akupatsirana ma frame, WAN ndi LAN n'kusakanikirana.

Switchdev yosadzera mu DSA ndi ya chip imene imafikitsa yokha ma frame ku CPU, pa PCIe kapena pa DMA ya mkati mwa SoC, monga ma chip a ma driver a mlxsw, prestera ndi sparx5. Switchdev inafika ndi Linux 3.19 mu 2015. Kuno tagger simufunika, koma zonse zimene DSA ikanakuchitirani zili pamutu panu: netdev (interface ya network) ya port iliyonse, mizere ya RX ndi TX, kumvetsera NETDEV_CHANGEUPPER, ndi zina. Uthenga wa SWITCHDEV_FDB_ADD_TO_DEVICE umafika pamalo pamene code siloledwa kugona (kuima n'kudikira), choncho ntchito yake muikankhire ku workqueue, mzere wa ntchito zochitika pambuyo pake. Mukaiwala offload_fwd_mark, chizindikiro chouza bridge kuti chip yatumiza kale frame, broadcast iliyonse imatuluka kawiri, koyamba ndi chip, kachiwiri ndi bridge ya kernel. Dziwani kuti DSA nayonso imayendera switchdev pansi pake. N'chifukwa chake banja la ma switch a Ocelot lili ndi driver ya switchdev komanso felix ya DSA, zogawana code imodzi.

Swconfig ndi ya OpenWrt, Linux ya ma router, ndipo mu kernel yaikulu sinalandiridwe. Imalembeka msanga, zoona: eth0 imodzi, ma port n'kugawidwa ndi VLAN monga eth0.1 ndi eth0.2. Vuto lake, kernel siona port payokhapayokha, ndiye ethtool singakuuzeni kuti chingwe chazuka pa port iti, ndipo patch yanu mudzaisenza nokha kernel ikasintha. OpenWrt yomweyo inayamba kusamukira ku DSA kuyambira 21.02. Pa chip yatsopano sitikulangizani.

Mukasankha DSA, yambani ndi zochepa: get_tag_protocol, setup, phylink_get_caps, ndi port imodzi yodutsa ping yaikulu ija. Ma hook a bridge mukhoza kuyamba mwawasiya, kernel idzapatsira ma frame pa CPU, mochedwa koma molondola. Mukamawaonjezera limodzilimodzi, yendetsani no_forwarding.sh ndi bridge_vlan_aware.sh za mu tools/testing/selftests/drivers/net/dsa pa hook iliyonse yatsopano.