Kindle Paperwhite kwa ife okonda mabuku a zakuphana ndi mikangano ya m'banja

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kachipangizo ndimangokhalira kukayang'ana usiku kaja nkabwinodi kapena ndi matama chabe, nde ndati lero ndilembe kamodzinkamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ndi Kindle Paperwhite, kachipangizo kowerengera mabuku ka kampani ya Amazon, ija inatuluka mu 2021 ya sikirini ya mainchesi 6.8, ndipo ndakhala nayo zaka ziwiri ndi kamwezi pamwamba. Ndineneretu kuti ine sindiwerenga mabuku ophunzitsa kulemera kapena kudzuka 5 koloko m'mamawa ayi, zanga ine ndi zija munthu wasowa, mtembo wapezeka m'madzi, mkazi wayamba kukayikira mwamuna wake, kapena abale akumana pamaliro a bambo awo nkuyamba kufukulirana za zaka 30 zapitazo mtembo usanalowe ndi m'manda omwe. Nde zonse ndinene apazi zikuchokera kwa munthu wa mabuku amtundu umenewo, inu owerenga zina mwina muona mosiyana.

Za kachipangizo kenikeniko ndidutsepo msanga chifukwa palibe chodandaula. Nkopepuka, magalamu 205 basi, umakagwira ndi dzanja limodzi utagona chammbali osatopa. Kuwala kwake sikuli ngati kwa foni kokulasa m'maso kuja, nyali zake zimawalitsa tsambalo, ndipo ukhoza kukusintha kukhale kofiirira usiku. Bambo a kunyumba kale ankadandaula za nyali ya pambali pa bedi, pano amagona mpaka kuliza mkonono ine ndili pakati pa mlandu wakupha. Batire amati imakhala mpaka masabata 10 koma muwerengenso bwino, amawerengera munthu wowerenga theka la ola patsiku wifi itazimitsidwa, nanga alipo wokonda thriller, mabuku aja a zakuphana oimitsa mtima, amene amawerenga theka la ola nkutseka? Ineyo ndimatchaja pakatha masabata atatu kapena anayi, ndipo tchaja yake ndi USB-C ngati ya mafoni ambiri masiku ano. Amatinso siopa madzi, ikhoza kukhala pansi pa madzi mamita awiri kwa ola lathunthu, izo sindinayese ndipo sindidzayesa, koma madontho a m'bafa yawaona kangapo ili bwinobwino.

Tsopano pomwe ndimafuna tikhalepo ndi apa. Ine sindinkadziwa kuti buku la pepala limaulula nkhani mpaka nditalisiya. Ukamawerenga thriller ya pepala dzanja lako lamanja limakhala likukunong'oneza nthawi yonse kuti kwatsala masamba ochuluka bwanji, nde apolisi akagwira munthu pomwe pansi pa chala chako padakali mulu wonenepa chonchi, umadziwiratu kuti aaa uyu si iyeyo, amumasula posachedwa, wolembayu angathere pano bwanji masamba 200 adakalipo. Akadzagwira wina kutatsala timasamba khumi umangoti basi ndi yemweyu, olo wolemba ayesetse bwanji kukusokoneza. Zaka zonsezi ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri potulukira wakupha, kumachita kunyada ndithu, pomwe theka la nzeruzo linali chala changa.

Pa Kindle ukagogoda pakona ya pansi kumanzere zolembedwa pamenepo zimasinthasintha, pena ikuuza tsamba lomwe uli, pena mphindi zotsala kuti chaputala chithe, pena maola otsala buku lonse, ndipo ukapitiriza kugogoda zimazimiratu zonse ndi peresenti yomwe, kumangotsala mawu okhaokha. Abale, yesani zimenezi kamodzi kokha. Ine ndinayamba nazo pa Gone Girl ya Gillian Flynn, buku la 2012 lija mwamuna ndi mkazi wake amasinthana kufotokoza nkhani mkaziyo atasowa. Ndinachedwa nalo zaka zambiri ndipo mwamwayi palibe anandiululira. Pali pomwe nkhani imatembenuka mwamphamvu, sindinena kuti chimachitika nchani, koma nditafika pamenepo ndinadzuka nkukhala tsonga ndikuganiza kuti basi ndafika kumathero, kwatsala kungomanga mfundo. Ndinapitiriza, chaputala china, china, nkhani osatha, mpaka ndinalephera kupirira nkuyatsa peresenti ija, kupeza ndili chapakati penipeni pa buku. Mtima unachita kugunda ngati ndaponda njoka. Pa pepala sizikanatheka zimenezo, ndikanaona ndi maso kuti theka lidakalipo nkuyamba kale kuwerengera zomwe zikubwera.

Ndipo olo muisiye yoyaka peresentiyo musamaikhulupirire kwambiri, mabuku ambiri kumapeto amaikako mawu othokoza, mafunso okambirana pagulu, pena ndi chaputala choyamba cha buku lina la wolemba yemweyo, nde iwe uli pa 91 peresenti ukudikira kutembenuka komaliza, kutsegula tsamba lotsatira wolemba akuthokoza amayi ake ndi galu wake. Zinandichitikirapo ndipo ndinakhala kaye phee ngati munthu amulanda mbale akudya.

Chija cha mphindi zotsala mu chaputala nacho ndi msampha wina, koma uwu ndimaukonda. Ndinkawerenga My Sister, the Serial Killer ya Oyinkan Braithwaite, la 2018, nkhani yake ili ku Lagos, Korede ndi nesi ndipo mng'ono wake Ayoola ali ndi chizolowezi chopha zibwenzi zake, mkuluyo ndi amene amaitanidwa usiku kudzakolopa magazi. Machaputala ake ndi tifupitifupi, ena tsamba limodzi lokha, nde pansi paja pamangolemba kuti yatsala mphindi imodzi, iwe nkumati chabwino ndimalize kameneka ndigone, kenako kena mphindi ziwiri, kena imodzi, kuyang'ana nthawi 2 koloko ya usiku ndipo mawa kuli ntchito. Bukuli anthu amaliika pa za kuphana koma ine ndinaliwerenga ngati nkhani ya pachibale, za mwana woyamba amene anamuuza kuyambira ali wamng'ono kuti usamale mng'ono wako, nkukula nazo mpaka osadziwanso polekera. Ife oyamba kubadwa timazidziwa izi olo mng'ono wathu sanaphepo ndi nkhuku yomwe. Nditamaliza ndinamuimbira wanga m'mawa mwake, iye kudabwa kuti kwagwanji achemwali kuimba nthawi ino, ine ndangoti palibe ndimafuna ndikumve mawu basi kkkk.

Koma pali zinthu zina mu Kindle zomwe munthu wa thriller ayenera kuzitalikira ngati moto. Choyamba ndi X-Ray. Si mabuku onse ali nayo, koma pomwe ilipo imakuikira mndandanda wa anthu a m'bukumo ndi kuchuluka kwa momwe aliyense watchulidwira, cholinga chake nchabwino, ukaiwala kuti uyu paja ndi ndani uzikaona. Ine ndinadzipweteka nayo ndekha. Ndinali kumayambiriro kwa buku lina, ndaiwala dzina la mlamu wa womwalirayo, nkutsegula kuti ndione, maso nkugwera pa bambo wina woyandikana nawo nyumba amene mpaka pamenepo anali atangoonekera kamodzi akuthirira maluwa, koma pa mndandandapo ali pamwamba kuposa mkazi wa womwalirayo. Eti munthu wothirira maluwa atchulidwe kambirimbiri chonchi chifukwa chani? Basi buku linathera pompo, masamba otsalawo ndinangowerenga mwaulemu. Sindingainene Kindle, inachita zomwe ndinaipempha, wopusa ndinali ine, koma kuyambira tsiku limenelo sindiigwiranso pa buku lililonse lomwe muli mtembo.

Kufufuza mawu nakonso chimodzimodzi, ukalemba dzina kuti ukumbuke pomwe munthuyo anayambira kuoneka imakubweretsera malo onse m'buku lonse, ndi a kutsogolo omwe, timizere tiwiritiwiri, ndipo maso sapempha chilolezo, amangowerenga.

China ndi Popular Highlights, timadontho tija timakhala pansi pa chiganizo kusonyeza kuti anthu ambiri anachilemba mzere. Pa buku la mikangano ya m'banja pena zimakoma, umaona kuti si iwe wekha amene chiganizo chakuti chakuti chinakubaya. Koma pa thriller anthu amalemba mzere pomwe akayikira, nde wolemba wabisa kachizindikiro kake mwaluso pakati pa nkhani ya nyengo ndi magalimoto, iwe ukupeza kali ndi timadontho pansi ngati munthu akukukodola ndi chigongono kuti taona apa taona apa. Zimazimitsika, mulowe pa Aa paja pomwe mumasinthira kukula kwa zilembo, mupeza pozimitsira. Chitani zimenezo tsiku loyamba musanatsegule buku ndi limodzi lomwe.

Mukuona nokha kuti zomwe ndikuyamikira kwambiri ndi zozimitsa, kachipangizoka kamakoma ukakavula nzeru zake zambiri. Yomwe ndinaisiya osazimitsa ndi dikishonale yokha, ukadina mawu nkugwiritsa pang'ono tanthauzo limabwera pompo olo popanda intaneti, ndipo pa mabuku a m'khoti aja odzaza mawu a maloya imandipulumutsa kwambiri, kale ndinkangodumpha nkumanamizira kuti ndamva.

Pomwe pepala limaiposabe ndi pobwerera m'mbuyo, ndipo apa nde pamandiwawa chifukwa mabuku a masiku ano amakonda kudumphadumpha nthawi. Tengani The Girl on the Train ya Paula Hawkins, la 2015, akazi atatu akufotokoza mosinthana, Rachel, Megan ndi Anna, chaputala chilichonse chili ndi deti pamwamba, ndipo za Megan zimayambira chaka chathunthu m'mbuyo, mu 2012 pomwe za Rachel zili mu 2013. Ukapanda kusamala madetiwo wasokera. Pa pepala umangoika chala apa nkutembenuza uko, kuona deti, kubwerera, masekondi atatu. Pa Kindle pali Page Flip, umakoka kuchokera pansi nkusuzumira masamba ena osataya pomwe uli, imagwira ntchito inde koma si chimodzimodzi, chifukwa pa pepala mutu umakumbuka malo, umadziwa kuti zija zinali tsamba la kumanzere chakumunsi pafupi ndi pomwe ndinapinda kakona, pomwe apa masamba onse nkhope imodzi ndipo ukangosintha kukula kwa zilembo chiganizo chasamuka kale. Nde mabuku aja a banja lalikulu, agogo, ana asanu ndi akazi awo, zidzukulu ziwiri za dzina limodzi, mwana wa kunja wotulukira pa chaputala 14, aja amaika chithunzi cha mtundu wonse kumayambiriro, amenewo ndimavutika nawo zedi. Chithunzicho pa sikirini chimakhala kakang'ono, uchite kukulitsa, kubwerera, kuiwalanso. Pano ndimachita kulemba maina pa kapepala nkuika pambali, zomwe zimandiseketsa ndekha kuti ndinagula chipangizo chothawira mapepala.

Komanso buku la mikangano ya m'banja kukoma kwake nkukangana nalo ndi munthu wina. Umafuna umalize nkumupatsa mnzako m'manja kuti werenga ichi ubwere tidzakambirane ngati mayi uja analakwa kapena ayi. Apa buku ukagula limamangiriridwa ku akaunti yako, sungangolitola nkupatsa munthu ngati la pepala, ndipo kuyambira Febuluwale 2025 Amazon inachotsanso njira ija yotsitsira mabuku ogula pa kompyuta nkuwasamutsa ndi waya. Mng'ono wanga uja nditamuuza za Korede ndi Ayoola anati ndibwerekeni, ndinachita kumupatsa Kindle yonseyo kwa masiku anayi, ine nkukhala ngati munthu wolandidwa mwana, usiku kumangotembenuka pabedi. Anabweza atawerenga ndi mabuku ena awiri omwe sindinamutume, atandisokonezeranso pomwe ndinalekezera, ndipo maganizo ake pa bukulo anali akuti mkuluyo ndi amene ali ndi vuto. Tinakangana ola lathunthu pa foni, mpaka lero sitinagwirizane.

Mbali yabwino njakuti kuyambira 2022 ukhoza kutumizamo mabuku a EPUB, mtundu wa mafayilo a mabuku opezeka kwina, kudzera pa njira yawo yotchedwa Send to Kindle, nde si zonse zoti uzigula malo amodzi, ndipo buku lililonse la m'sitolo yawo ukhoza kutsitsa kaye kachigawo koyamba kaulere. Kwa thriller kameneka nkokwanira kudziwa ngati wolemba akudziwa ntchito yake, ine akangoyamba ndi mkazi wodzuka mutu ukuwawa osakumbuka za dzulo ndimatseka, ndawawerenga okwana amenewo.

Nde mukandifunsa kuti mugule kapena ayi, ngati zanu ndi zofufuza wakupha ndipo mumawerenga usiku wina atagona pambali, gulani, muzimitse zija ndanenazi. Ngati zanu ndi mabanja a anthu makumi atatu ndipo muli ndi gulu lomwe mumapatsirana mabuku, musataye shelefu yanu. Ine ndili ndi zonse ziwiri ndipo sindichita nazo manyazi.

Pano ndili mkati mwa lina, mwana wasowa pa phwando la ukwati ndipo aliyense m'banjamo akunama kenakake, pansi pa sikirini palibe nambala iliyonse. Dzulo cha m'ma 1 koloko bambo a kunyumba anatembenuka nkundifunsa ndi tulo m'maso kuti amayi, mwatsala pang'ono kodi kuti mugone? Ndinawauza zoona zokhazokha, kuti sindikudziwa, mwina masamba asanu mwina 150, gonani inu. Apolisi anali atangogwira amalume.