Ndemanga: mapositikhadi akale 12 ndi alubamu yake, ogulidwa mumzinda wa Tete

Papita miyezi itatu chigulireni mapositikhadi akale khumi ndi awiri, pamodzi ndi alubamu yowasungiramo, kwa bambo wina amene amagulitsa mabuku ndi ndalama zakale mumzinda wa Tete. Ndinalipira meticais 1,800, ndipo katunduyo anandipeza kuno ku Ulongwe atamangidwa pakati pa makatoni awiri olimba, moti ngakhale anayenda pa shapa (minibasi) msewu wonse wodutsa ku Moatize, palibe khadi limene linapindika.

Makadi khumi ndi enieni, a pepala lokhuthala lomwe lafiirira ndi ukalamba, ndipo kumbuyo kwake kuli mawu a Chipwitikizi akuti "Bilhete Postal". Limodzi likuonetsa mlatho wa njanji wa Dona Ana ku Mutarara, umene unatsegulidwa mu 1935 kuti sitima zochokera ku Beira zizifika ku Nyasaland popanda kutsitsa katundu pa Zambezi. Lina likuonetsa gombe la Tete kulibe mlatho, anthu akuwoloka pa mabwato, ndipo ana anga anakana kukhulupirira kuti ndi pomwe paja pali mlatho wa Samora Machel, womwe unamalizidwa mu 1973. Limene ndinaligulira mtolo wonsewo lili ndi chidindo cha positi cholembedwa Vila Coutinho, dzina limene Apwitikizi ankatchula Ulongwe wathu yemweyu.

Khadi limene lakhala nthawi yaitali m'manja mwathu ndi la mzungu atagona m'machila, amuna anayi atamunyamula. Mawu a pansi pake akungotchula malo, za onyamulawo sakunenapo kanthu. Agogo anga aakazi, omwe maso awo ayamba kuchita chidima, analiyandikitsa kunkhope, nakhala chete kanthawi, kenaka anati ndiyang'ane mapazi a anthuwo, poti onse analibe nsapato. Tsiku limenelo ndi pamene anatifotokozera za chibalo ndi msonkho, ndi za achibale athu amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu osabwereranso, nkhani imene m'banja mwathu inali isanakambidwepo momasuka. Wojambulayo ankafuna kuonetsa bwana wakeyo kwa abale ake ku Lisboa, koma ife timathera nthawi pa anthu anayi aja.

Zodandaulitsa ziliponso. Makadi awiri ndi ongosindikizidwanso posachedwa, pepala lake ndi loyera mbuu ndiponso lonyezimira, koma wogulitsayo sananene zimenezi pogulitsa. Zaka zimene analemba ndi pensulo pa kapepala kotsagana ndi katunduyo n'zosadalirika: pa khadi la damu la Cahora Bassa analembapo 1960, chonsecho ntchito yomanga damulo ku Songo inayamba mu 1969 ndipo khoma linatha mu 1974. Amene akufuna kudziwa msinkhu wa khadi aone yekha chidindo, sitampa ndi mayina a malo. Khadi losindikizidwa ku Lourenço Marques, mwachitsanzo, n'lakale kuposa 1976, chaka chimene mzindawo unasanduka Maputo.

Alubamuyo sinandisangalatse konse. Matumba ake ndi apulasitiki yofewa imene imasunga chinyontho, ndipo mvula itangoyamba kuno ku Angónia ndinaona khadi la Dona Ana likuyamba kumatirira. Ndinawachotsamo onse n'kuwaika m'maenivulopu apepala, limodzilimodzi, m'bokosi louma.

Nditawaimbira foni bamboyo za makadi awiri aja, sanakane, ndipo anandibwezera ndalama za makadiwo pa M-Pesa tsiku lomwelo. Pa chifukwa chimenechi ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndawapempha kuti akapeza khadi la tchalitchi cha mishoni ya Boroma andisungire, koma ulendo uno ndidzapita ndekha ku Tete kukaligwira ndi manja ndisanalipire.