Kusalaza matabwa omata ndi guluu: puleni ya manja kapena ya magetsi?

Mukamata matabwa a tebulo, pamalumikizo pamatsala timizere tokwera. Musanayambe kupala, yambani mwachotsa guluu wouma, chifukwa amabunthitsa mpeni msanga.

Puleni ya manja yaitali, monga Stanley No. 7 ya masentimita pafupifupi 56, imadumpha malo otsika n'kumadya okwera okha. N'chifukwa chake thabwa limatuluka lowongoka. Mumayamba kupala mopingasa, kenako motsata mitsempha ya mtengo. Thukuta lokha ndiye losasimbika, makamaka pa mlombwa.

Ya magetsi nthawi zambiri imakhala ndi mpeni wa mamilimita 82 m'lifupi ndipo ndi yaifupi. Imadya mwachangu, koma dzanja likangotsetsereka yakumba kale dzenje, ndipo imasiya mizere yofuna sandipepa.

Mtengo wogulira: ya manja yakale nthawi zina imapezeka motchipa kusiyana ndi ya magetsi.
Kulimba: ya manja mpaka adzukulu adzaigwiritsa ntchito, bola kunola; ya magetsi imatha mabulashi a mu mota ndi lamba wozunguza mpeni.
Magetsi akazima: ya manja ntchito ikupitirira.

Wopanga tebulo limodzi pamwezi agule ya manja. Kalipentala wa maoda ambiri a paini achotse zokwera ndi ya magetsi, amalize ndi ya manja.