Rock pa wayilesi kuno ku UK: Planet Rock, Radio X, 6 Music kapena Spotify basi?

Mnyamata wina yemwe tinali naye pa shifiti ya usiku sabata yatha anandifunsa kuti akulu, nyimbo zanu za magitala zija ndingazipeze pati pa FM? Ndinangoseka, chifukwa kuno ku Birmingham funso limenelo wachedwa nalo zaka zoposa 10. Kale pa 105.2 panali Kerrang! Radio, inayamba mu 2004, magitala okhaokha usana ndi usiku. Mu 2013 eni ake a Bauer anaichotsa nkuikapo Planet Rock, mu 2015 Planet Rock nayo anaitulutsa kukalowa Absolute Radio, lero ukatsegula pamenepo upeza Greatest Hits Radio, nyimbo zakale zoti mayi aliyense aziimba nawo akutsuka mbale. Nambala yomweyo, mwini yemweyo, rock yokha ndi imene anaikankhira kukhonde.

Sikuti anthu anasiya kuikonda ayi, nkhani ndi ya ndalama. Otsatsa malonda ambiri anathawira kwa Google ndi Facebook, nde mawayilesi akangoona kuti zathina amafuna nyimbo zosakwiyitsa munthu aliyense, ndipo rock yeniyeni imakwiyitsa, ndi ntchito yake. Mu 2020 Bauer yomweyo inatenga mawayilesi ambirimbiri a m'matauni nkuwapatsa dzina limodzi la Greatest Hits lija. Ku America nde zinafika poipa, kampani yaikulu ya mawayilesi ya iHeartMedia inakadzigwetsa kukhoti mu 2018 ili ndi ngongole pafupifupi madola 20 biliyoni, inzake ya Audacy inatsatira mu 2024, ndipo wayilesi ya WAAF ya ku Boston yomwe inaimba rock zaka pafupifupi 50 inagulitsidwa mu 2020 kwa bungwe loulutsa nyimbo zachikhristu. Nde zimene zatsala ndi izi, ndazimvera zonse mu van.

Planet Rock ndi imene ndimaikonda, ndinene poyera. Ili pa DAB (wayilesi ya digito, yofuna kawayilesi kakekake) ndi pa app, pa FM palibe. Imaimba rock yakale ya ma 70s ndi 80s, ina yolemera ndithu, komanso magulu atsopano amene akuimbabe mwa mtundu umenewo, ndipo ma DJ ake amamveka kuti nyimbozo anakula nazo, munthu akuuza kuti chimbale ichi anajambulira kuti, woimba ng'oma anachoka chifukwa chani, osati kungowerenga dzina pa kompyuta nkuthamangira malonda. Malondawo alipo, amatopetsa, koma pali yolipira pamwezi yomwe amawachotsa ngati muli nazo. Vuto lake ndi loti nthawi zina umakhala ngati uli mu pub ya madala, aliyense akukumbutsana za kale.

Apa chenjerani ndi kawayilesi kamene mukugula. Ine ndinatola ka DAB pa car boot sale ina m'mawa wa Lamlungu, kooneka bwino, bambo wogulitsayo akulumbira kuti kamagwira chilichonse. Kufika kunyumba, dzina la siteshoni likuoneka pa kagalasi koma mawu zii. Kanali ka DAB yakale, pomwe masiteshoni ambiri a malonda anasamukira pa yatsopano yotchedwa DAB+, ndipo kakale sikatha kuimva imeneyo. Yang'anani kachizindikiro ka + musanatulutse ndalama.

Radio X ndi ija inali XFM mpaka 2015, ya kampani ya Global. Iyi bola, ikadali pa FM ku London pa 104.9 ndi ku Manchester pa 97.7, kwina konse ndi DAB kapena app. Koma kunena zoona ndi rock yofewerako, ya magitala a ma 90s ndi ma 2000, ya anyamata a ku Manchester ndi ku Sheffield, ndipo m'mawa Chris Moyles ndi anzake amacheza kwambiri kuposa kuimba nyimbo. Amene mukufuna kuzolowera nthabwala za azungu akuno ikuthandizani heavy. Koma ukaimvera masiku atatu otsatizana umayamba kulosera nyimbo yotsatira, nde ine pa ulendo wautali wa pa msewu wa M6 imanditopetsa tisanafike ndi ku Stoke komwe.

Kerrang! ikadalipo pa intaneti, kwa okonda zaphokoso zenizeni. Absolute Radio inazimitsa AM yake mu January 2023, ili ndi ka Classic Rock kake pambali, sikoipa koma sindikaona kusiyana kokwanira kuti ndisiye Planet Rock.

BBC Radio 6 Music ndi nkhani ina. Malonda mulibe ngakhale amodzi chifukwa ndalama zake zimachokera ku TV licence ija timadandaula nayo chaka chilichonse. Mu 2010 a BBC ankafuna kuitseka, omvera anachita phokoso mpaka inapulumuka, ndipo ine ndimaona kuti apa nde pagona nkhani yonse, wayilesi yomwe siyang'ana nkhope ya wotsatsa malonda ndi imene imalimba mtima kuimba gulu lomwe palibe akulidziwa. Koma musalowe mukuyembekeza rock yokhayokha, mumva gitala kenako reggae kenako zamakompyuta zosadziwika mutu wake kenako mwadzidzidzi nyimbo ya ku Mali, pena zimakoma pena umangofuna kusintha. Nayonso pa FM palibe. Ndipo achibale akumudzi musavutike kuwatumizira app ya BBC Sounds, anaitsekera anthu akunja kwa UK mu 2025.

Spotify nde aliyense akuidziwa, nyimbo iliyonse nthawi iliyonse, ukalipira malonda palibe ndipo umasungira pa foni osadya data. Pa kusankha palibe wayilesi ingapikisane nayo. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi choti imakubwezera zomwe unakonda kale, ukamvera nyimbo ziwiri za mtundu umodzi basi yakumanga pamenepo mwezi wonse. Komanso 3 koloko usiku uli wekha pa msewu, mvula ikuwaza, maso akulemera, umafuna kumva munthu wamoyo akunena kuti nthawi ili bwanji ndipo nayenso ali maso. Foni siyankhula zimenezo.

Mu van yanga batani loyamba ndi Planet Rock, lachiwiri 6 Music, Spotify ndimaisungira malo amene DAB imadukaduka, makamaka ndikalowera ku Wales. Mnyamata uja tinapita kukaona galimoto yake pa break, ka Corsa kakale, wayilesi yake FM ndi AM basi. Ndamuuza agule ka adapter ka DAB+ kolumikiza pa choyatsira fodya, akuti adikira malipiro a mwezi uno.