Miyezi itatu ndikuphunzira kupanga mapulogalamu a pafoni ku Mzuzu

Kuyambira mwezi wa May mpaka July ndinkapita madzulo aliwonse, kupatula Loweruka ndi Lamlungu, ku kasukulu kena ka makompyuta m'tauni ya Mzuzu, kumene ndinalembetsa maphunziro opanga mapulogalamu a pafoni. Ndisanalipire, ndinafunsa aphunzitsi funso limene linali litandizunguza mutu kwa nthawi yaitali: kodi munthu wongoyamba kumene agwire Kotlin, chilankhulo chimene Google inachiika patsogolo mu 2019 pa ntchito yopanga mapulogalamu a Android, kapena agwire Flutter, imene imalola kulemba pulogalamu kamodzi n'kuiyendetsa pa Android ndi pa iPhone pomwe? Iwo sanachedwe kuyankha. "Achimwene, kuno timaphunzitsa Flutter, chifukwa mukalemba kamodzi mwagulitsa m'misika iwiri."

Pa kaphunzitsidwe, ndikuyamikira ndi mtima wonse. Masabata awiri oyamba tinaphunzira Dart yekha, chilankhulo chimene Flutter imagwiritsa ntchito, osakhudza foni ngakhale pang'ono, ndipo ngakhale ena ankang'ung'udza, maziko amenewo ndi amene anatithandiza kutsogolo. Aphunzitsi anatikopera zida zonse zoyambira pa flash, podziwa kuti kuzitsitsa pa intaneti kukanatimalizira bandulo ya mwezi wonse. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 4GB, choncho emulator, foni yongoyerekeza imene imaoneka pakompyuta, inkangouma osayenda. Iwo anatenga Tecno yanga, nadina kasanu ndi kawiri pamene palembedwa Build number, natsegula USB debugging, imene imalola kompyuta kutumiza pulogalamu m'foni, kenaka n'kuilumikiza ndi chingwe. Nditasintha mtundu wa batani kuchoka pa wofiira kupita pa wobiriwira, foni ili m'manja mwangamo inasintha nthawi yomweyo, popanda kudikira kuti pulogalamu yonse imangidwenso. Chimenechi amachitcha hot reload, ndipo kwa munthu wa kompyuta yofooka, wokhala m'chipinda chozizira cha mu June zala zitachita dzanzi, n'chimene chimapatsa mphamvu yobweranso mawa. Magetsi akathima tinkangobwerera kunyumba, pakuti pamalopo panalibe jenereta, ndipo masiku otayikawo sanatibwezere.

Chimene sindinakhutire nacho ndi lonjezo lija la misika iwiri. N'zoona kuti code ya Flutter, malangizo amene timalemba popanga pulogalamu, imagwira mbali zonse, koma kuti pulogalamu ya iPhone imangidwe pamafunika Xcode, pulogalamu ya kampani ya Apple imene imayenda pa makompyuta a Mac okha, ndipo m'kalasi mwathu munalibe Mac ngakhale imodzi. Kuika pulogalamu pa App Store kumafuna madola 99 chaka chilichonse, pamene pa Google Play munthu amalipira madola 25 kamodzi kokha; aliyense amene anayesapo kulipira chinthu m'madola masiku ano akudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera. Kuwonjezera apo, anthu amene ndikufuna kuwapangira mapulogalamu, ogulitsa mumsika, a kabaza ndi a timagolosale, ambiri ali ndi mafoni a itel, Tecno kapena Samsung. Zimenezi zinayenera kunenedwa tsiku lolembetsa, osati kuti wophunzira azizitulukira yekha mwezi wachitatu.

Pulogalamu yanga yomalizira inali yolembera ngongole pagolosale ya achemwali anga ku Chibavi, amene kwa zaka zambiri akhala akulemba m'kope mayina a otenga shuga, sopo ndi mpunga wa Kilombero kuti adzalipire mwezi ukatha. Ndi Flutter ndinaimaliza m'masabata atatu, ndipo imasunga zonse m'foni momwemo pogwiritsa ntchito SQLite, kapulogalamu kosungira deta, kotero kuti sifuna intaneti. Vuto linabuka pamene achemwali anapempha kuti izitulutsa risiti pa kamakina kosindikizira ka Bluetooth. Plugin imene ndinapeza, code yolembedwa kale ndi ena yowonjezera pa pulogalamu, inakana kulankhulana ndi kamakinako, ndipo nditatsegula mkati kuti ndione chalakwika, ndinapeza kuti mbali ya Android inalembedwa mu Kotlin, amene sindinkamudziwa. Flutter imajambula yokha zooneka pasikirini, koma ikafuna kamera, Bluetooth kapena GPS imadutsira mu code ya Android yeniyeni kudzera m'njira yotchedwa platform channels, ndipo phunziro lofunika chonchi tinalipatsa madzulo amodzi okha. Achemwali anangoti, "Achimwene, kope langa silinandikhumudwitsepo, ichi ndidzachikhulupirira chikadzatulutsa risiti."

Kwa munthu amene sanalembepo code ndipo akufuna kuona msanga chipatso cha thukuta lake, maphunziro amenewa ndi oyenera ndalama zake, ndipo Flutter ndi khomo labwino lolowera. Koma amene cholinga chake n'kupanga mapulogalamu a Android odalira kwambiri zida za m'foni achita bwino kufunsa asanalipire ngati Kotlin ndi Jetpack Compose, chida cha Google chopangira zooneka pasikirini ya Android, zili pa ndondomeko, ndiponso kuti zapatsidwa masiku angati. Ndinawauza aphunzitsi kuti awonjezere masabata awiri a Kotlin m'gulu lotsatira, ndipo anavomera kuti aganizirapo. Ine pakali pano ndikumuphunzira ndekha usiku, kamakina ka risiti kali pambali pa laputopu, pamene achemwali akulembabe m'kope ndi m'foni momwe.