Makina a Pumani m'chipinda cha makanda: zimene ndaona

Ndagwiritsa ntchito makina a Pumani, othandiza makanda kupuma, kwa zaka zingapo monga namwino wa makanda, ndipo chimene ndimawakondera n'chakuti mphamvu ya mpweya imaoneka ndi maso. Makinawa, amene akatswiri a ku Rice University ku America anawakonza mogwirizana ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amapopa mpweya wosakaniza ndi okosijeni kulowa m'mphuno mwa khanda, pamene paipi ina imamira m'botolo la madzi. Kuchuluka kwa madziwo, kawirikawiri masentimita 5 mpaka 8, n'kumene kumaika mlingo wa mphamvuyo.

Khanda lobadwa masiku asanakwane limakhala ndi mapapo osakhwima, moti timatumba ta mpweya timafwafwazika nthawi iliyonse likatulutsa mpweya. Likamakoka mpweya mwamphamvu, nthiti n'kumalowa m'kati, kukokako kumayamwa madzi kuchokera m'timitsempha ta magazi kupita m'timatumbamo, ndipo mwana amabanika kwambiri. Pumani amasiya kamphamvu m'mapapo ngakhale potulutsa mpweya, choncho timatumba timakhalabe totseguka ndipo madzi amapeza mpata wobwerera m'mitsempha. Ndaonapo khanda limene linkabuula ngati kamphaka litagona phee patangotha maola ochepa, mayi ake n'kuyamba kufunsa za kuyamwitsa. Kafukufuku wa ku Queen Elizabeth amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti makanda 71 pa 100 alionse anapulumuka ndi makinawa, poyerekeza ndi 44 amene analandira okosijeni yekha.

Komabe makina a mtundu uwu safuna namwino waulesi. Madzi a m'botolo akasiya kubwata, ndiye kuti mpweya ukuthawira penapake, mwina timapaipi ta m'mphuno tasuntha kapena kamwa latseguka. Mamina ayenera kuchotsedwa pafupipafupi, mimba imafufuma, ndipo mphamvu ikapyola muyezo mapapo amafutukuka mopitirira, magazi obwerera kumtima amachepa, mwinanso papo limaboola. Magetsi akathima, zonse zimaima.

Sindingawalimbikitse kwa mwana aliyense wobanika. Ku Salima, kafukufuku wa mu 2019 wa ana odwala chibayo chachikulu, m'wodi yopanda dokotala wa tsiku ndi tsiku, anapeza kuti ana 17 pa 100 alionse oikidwa pa CPAP (makina othandiza kupuma ofanana ndi Pumani) anamwalira, pamene pa okosijeni wamba anali 11. Kwa makanda obadwa msanga, pamene pali woyang'anira botolo usiku wonse, ndimawasankha mosakayika.